Chipinda cha Lachisanu ku Najma

Nyumba imene ndinafikiramo ku Doha inali ya nsanjika, yakale kwambiri, m'dera la Najma. Anthu ankati boma linamangira antchito ake kalekale, ndipo iwo atapeza kwabwino anasiyira makampani kuti azisungiramo anthu ngati ife. Chikepe chake chinafa ine ndisanabwere. Makoma anali ndi ming'alu yoti chala n'kulowa, ndipo makina oziziritsa m'zipinda ankadontha madzi tsiku lonse, moti podutsa m'munsi mwa mawindo umachita kuwerama ngati kukugwa mvula. Koma ndinene mosabisa kuti nyumba imeneyo ndinkaikonda. Ukangotsika masitepe umapeza golosale, wometa tsitsi, malo otumizira ndalama kumudzi ndi pokwerera basi, zonse pakhomo.

Ife Amalawi tinkakhala pamwamba penipeni, m'fulati ya zipinda ziwiri. Pafupifupi tonse tinali alonda a kampani imodzi. Chipinda chachikulu chinali chodzaza ndi mabedi osanjikiza, ndipo m'chaching'ono munkagona anthu ochepa, ine ndi dalaivala wathu tili m'gulu limenelo. Dalaivalayu anali wa ku Balaka, wamng'ono kwa ine ndithu, ndipo ndiye ankayendetsa basi yotitengera ku ntchito. Anali munthu woseka ndi aliyense koma wouma mutu ngati chitsa. Ine ndinkagona pamwamba, iye pansi.

Mwa ife tonse, iye yekha ndiye anali ndi mkazi mu mzinda womwewo. Anakwatirana kumudzi ku mzikiti, anabereka mwana mmodzi, kenako mkaziyo anapeza ntchito ya m'nyumba kwa banja lina ku Madinat Khalifa. Mwana anatsala ndi agogo ake, ndipo mwamunayo analondola pambuyo pake. Mkaziyo ankagona kwa mabwana ake komweko. Madamu ake ankamulola kutuluka Lachisanu lokha, akatha kutsuka mbale za masana, ndipo ankayenera kubwerera dzuwa lisanalowe. Ine ndinkamutchula kuti alamu.

Unkhoswe wa banja limeneli unandigwera pa foni. Malume ake a dalaivalayo, amene anali nkhoswe weniweni, anandiimbira kuchokera ku Balaka nandiuza kuti iwo maso awo safika kutsidya kwa nyanja, choncho ana awowo akuwasiya m'manja mwanga. Ndinawakumbutsa kuti ine ndine wa ku Dedza ndiponso wa tchalitchi. Anaseka n'kunena kuti banja likamapsa safunsa chipembedzo cha wobwera ndi madzi. Ndinavomera, ndipo ndikavomera chinthu sindichita mwa theka.

Lachisanu loyamba limene alamu anabwera ku fulati kwathu tinawalandira ngati nduna. Amuna onse anadzazana m'kachipinda kathu. Wina ankafunsa za madamu, wina ankawaonetsa zithunzi za ana ake, wina anangokhala duu pakhomo kumvetsera mawu a munthu wamkazi akuyankhula Chichewa, poti tinali titawasowa. Tinacheza mpaka nthawi yawo inakwana, tonse n'kuwaperekeza kokwerera basi. Sabata yotsatira zinali chimodzimodzi, ndipo wina anabweretsa ngakhale bawo. Ndinayang'ana dalaivala uja ali phee pakona pa bedi lake, akuseka ndi mano okha, ndipo ndinachita manyazi kwambiri. Amuna akuluakulu, a mabanja athu kumudzi, tinali titakhalira anthu pakhosi osadziwa.

Lachisanu lachitatu, alamu atangomwa madzi, ndinaimirira.

"Amuna inu, tiyeni mundiperekeze ndikaone nsapato," ndinatero.

"Nsapato zanji, akulu? Kampani inatipatsa mabuti mwezi watha womwewu," anayankha mlonda wina wa ku Kasungu, yemwe anali atayala kale bawo.

"Za ku tchalitchi. Dzukani, tiyeni tonse, ine sinditha kusankha."

"Kunjatu kukutentha."

Ndinamuponda chala mwamphamvu ndithu uku ndikumuyang'ana m'maso. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anadzuka nayamba kufunafuna chipewa chake, ndipo enawo anamutsatira mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana pansi. Potuluka ndinakoka chitseko mpaka chinalira.

Mwambo wathu unayamba choncho, ndipo unakhala zaka. Palibe tsiku limene wina anatchula chifukwa chake. Zinthu zotere kwathu sitizinena, ndipo munthu wolera bwino safunsa. Ikangokwana nthawi wina ankati, "Kodi nsapato zija sitikaona lero?" ndipo fulati yonse inkatsika masitepe, amene agwira shifiti ya usiku akuyasamula m'njira. Mlendo akabwera kuchokera kumudzi sitinkamufotokozera. Tinkangomudzutsa, iye akudandaula, ndipo pofika sabata yachiwiri amakhala atazindikira yekha.

Tinavutika nako kutentha, ndisaname. M'miyezi yotentha mpweya wa ku Doha umakhala ngati watuluka mu uvuni wa buledi, ndipo malaya amamatirira pamsana usanafike pa ngodya. Masitolo onse a nsapato a mu Najma tinawadziwa, ndipo nawonso anatidziwa. Mmwenye wina wa sitolo ankati akationa tikubwera amaimirira pakhomo n'kukuwa kuti, "Mafi! Khalasi!" kutanthauza kuti palibe, zatha, chifukwa tinali titayesa nsapato zake zonse osagulapo ngakhale chingwe. Pambuyo pake tinapeza msika wa katundu wakale. Kumeneko tinkakhala pa masofa ogulitsa, kumawadina ndi manja ngati ogula enieni, mpaka mwini wake atatopa nafe. Tikabwerera tinkapeza alamu atasesa chipinda, atatiphikira tiyi, ali chikhalire pa mpando mwaulemu, ndipo tinkakambirana za mitengo ya nsapato ndi nkhope zosaseka.

Ndimanyadira zimenezi mpaka lero. M'dziko la eni, m'nyumba yong'aluka, amuna osauka tinasunga banja la mnzathu ndi miyendo yathu.

Pa zaka zimenezo mzinda wonse unali pa chintchito chomanga. Kulikonse kumene ungayang'ane kunali zitsulo zitalitali zonyamulira katundu, ndipo nyumba zakale zinkagwa imodzi ndi imodzi. Yoyandikana nafe anaigwetsa tikuona, fumbi lake linalowa mpaka mu shuga. Ndiye tsiku lina pobwera ku ntchito tinapeza khoma la nyumba yathu litalembedwa ndi penti yofiira. Mlonda wa pageti, bambo wokalamba wa ku Sudan, anatiuza kuti tanthauzo lake n'lakuti nayonso nthawi yoigwetsa yakwana. Pamalopo padzamangidwa nyumba zatsopano za magalasi, ndipo sanachite kutiuza kuti sizidzakhala za anthu ngati ife.

Mabanja a m'munsi ndiwo anayamba kusamuka. Masana alionse pageti pankaima galimoto, anthu akukweza matiresi, mafiriji ndi njinga za ana. Masitepe amene kale ankanunkhira zakudya za mitundu yonse anayamba kununkha fumbi lokha. Ife kampani inatiuza kuti itipititsa ku kampu yatsopano, kunja kwa mzinda, kupitirira kumafakitale. Anatinyamula kukaiona. Zipinda zinali zoyera, mabafa ambiri, kantini, ngakhale bwalo la mpira. Anyamata anasangalala, ndipo sindiwada, chifukwa munthu amene wakhala pa mzere wa bafa imodzi kwa zaka amadziwa kukoma kwa mpope wachiwiri. Koma ine ndinaona mpanda, geti ndi chikwangwani choletsa akazi kulowa.

Dalaivala wathu sanaone zimenezo, kapena anasankha kusaziona. Lachisanu lotsatira, tisanatuluke n'komwe, anayamba kufotokozera mkazi wake mokondwa.

"Ukaone eyakoni yake, mayi! Yatsopano, yosalira. Ndiye paking'i ya basi ili pakhomo pomwepo, sindidzayendanso wapansi m'mawa."

"Ndikaone bwanji?" anafunsa alamu motsitsa mawu.

Iye anapitiriza za kantini. Alamu anayang'ana zikhadabo zawo. Ine ndinalakalaka nditamuponda chala ngati wa ku Kasungu uja, koma anali patali.

Mkati mwa sabata alamu anandiimbira foni ali kuseri kwa khitchini ya madamu. Anati ali ndi mawu, ndipo akuwapereka kwa ine monga nkhoswe. Kontrakiti yawo inali pafupi kutha. Anati anapirira kusiya mwana chifukwa ankadziwa kuti Lachisanu ali ndi mwamuna. Tsopano ngati Lachisanu lomwelo lachoka, iwo sasainanso, akupita kumudzi. Mwamunayo akafuna kutsala atsale, koma awapatse mawu omveka kuti adziwe ngati ali pabanja kapena ayi. Sanalire. Akanalira mwina ndikanati ndi mkwiyo wa tsiku limodzi.

Ndinayamba ndi bwana woyang'anira zogona ku kampani, amene tinkamutchula kuti mudiri. Ndinavala yunifolomu yosita n'kukhala pa mpando umene anandilozera. Ndinayamba monga timayambira kwathu, kuzungulira kutali. Ndinathokoza chifukwa cha kampu yabwino. Ndinati pakati pathu pali wina amene ali ndi udindo wina wapadera, wofunika kachipinda kabata kamodzi pa sabata. Mudiri anamwetulira n'kunena kuti mzikiti ulipo kale, ndipo a tchalitchi adzapatsidwa basi. Ndinazunguliranso, iye n'kuganiza kuti ndikupempha stolo yosungiramo masutikesi. Pamapeto pake ndinameza malovu n'kunena chinthucho poyera, m'Chingerezi, mawu amene sindinawatchulepo ngakhale kwa anzanga. Iye sanadabwe n'komwe. Anati akumvetsa, nayenso ali ndi mkazi kwawo, koma lamulo la kampu si lake. Akafuna kuonana akakumane ku paki.

Sindinagonje msanga. Masiku anga opuma ndinayenda m'dera la Fereej Bin Omran, kumene nyumba zikuluzikulu amazidula ndi matabwa kukhala tizipinda ta lendi. Ndinagogoda mageti mpaka zala zinawawa. Kwina ankafuna banja logona pomwepo masiku onse, pamene madamu a alamu sakanalola zoti wantchito wawo azigona kunja. Kwina mtengo wake unali woti anthu awiriwo azigwirira ntchito chipinda chokhacho. Kwina ankangondiyang'ana n'kutseka geti. Nditayenda mokwanira ndinadziwa kuti mu mzinda wonsewo, waukulu chonchija, munalibe malo a banja limeneli kupatula kachipinda kathu kong'aluka, ndipo kameneko kanali ndi penti yofiira.

Mlandu tinaukamba Lachisanu lomaliza tisanasamuke. Kumbali ya alamu kunabwera mayi wina wachikulire wa ku Mangochi amene ankagwira ntchito yoyala mabedi mu hotela, ndipo ndiye anaimira kuchikazi. Anyamata anatsika okha osauzidwa. Mabedi anali atamasulidwa kale, makatani atachotsedwa, moti tinakhala pa makatoni, dzuwa likulowa pawindo mopanda chotchinga. Pansi pathu anthu ankazula zitseko za mafulati opanda anthu, ndipo tinkachita kudikira nyundo isiye kuti timvane.

Mayi aja anafotokoza mbali ya mkazi mwadongosolo. Kenako ndinapempha dalaivala kuti anene zake.

"Ine sindikukana mkazi wanga," anatero. "Koma nyumba ku Balaka ili pa lintala, denga palibe. Ndikasaina kontrakiti ina imodzi yokha, ndimaliza. Iyeyu apite akaone mwana, ine ndimupeza, inshaallah. Kodi enawa akazi awo sali kumudzi? Foni ilipo, mafi mushikila, palibe vuto."

"Imodzi yokha munanenanso ulendo watha," anatero alamu, akuyang'ana kwa mayi aja osati kwa iye.

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinkadziwa chimene mnzangayo ankayembekezera. Nkhoswe wa kuchimuna amayenera kukokera kwawo, kupepesa pang'ono, kupempha mkazi kuti apirire, nkhani n'kutha. Mawu amenewo ndinali nawo okonzeka, ndipo ndi osavuta kunena. Koma ndinali nditakhala m'fulati imeneyo nthawi yaitali. Ndinaona mabanja a pafoni mmene amathera: poyamba kuimba tsiku lililonse, kenako Lamlungu lokha, kenako kukangana za ndalama, kenako munthu amangokhala chete pa bedi lake ndipo tonse timadziwa osafunsa. Ena amalimba, inde. Koma awa ndinkawadziwa. Mkaziyo anali atafika pamapeto, ndipo mwamunayo anali wa mawa ndi mawa.

"Mphwanga," ndinatero, "fodya wako ndi amene ali pamphuno. Denga udzafolera ndi udzu chaka chino, malata adzabwera. Kontrakiti ikatha usasaine. Mupite limodzi."

Anandiyang'ana ngati ndamumenya mbama.

"Achimwene, inu ndinu nkhoswe wanga kapena wake?"

"Malume ako sanandisungitse iwe. Anandisungitsa banja."

"Ndiye mukundithamangitsa?"

"Eya, ndikukuthamangitsa."

Anadzuka n'kukaima pawindo, msana uli kwa ife. Ndinamumvera chisoni, chifukwa ndinkadziwa zimene zinkayenda m'mutu mwake: kubwerera kumudzi nyumba isanathe, anthu akuloza kuti uyo anapita kwa Aluya n'kubwerako ndi makoma okha. Kwa mwamuna zimenezo zimawawa. Koma sindinabweze mawu anga. Madzulo ake ndinaimbira malume ake n'kuwauza zonse, ndipo iwo anati akanakhala pomwepo akananena zomwezo, mwinanso ndi ndodo.

Tinasamuka m'mawa wa tsiku lotsatira ndi basi yake yomweyo, masutikesi ndi mapoto zili pamiyendo. Ku kampu anatiikanso chipinda chimodzi, ine pamwamba, iye pansi, ndipo kwa masabata angapo sanandiyankhule. M'mawa ankapereka moni kwa aliyense wokwera basi, ikafika nthawi yanga amayang'ana pagalasi. Akaphika ankaitana onse kupatula ine. Zinkandipweteka, pakuti tinali titadyera mbale imodzi kwa zaka, koma sindinamunyengerere. Nkhoswe amene amafuna kukondedwa ndi aliyense ntchito yake ndi kudya nkhuku basi.

Anayesa za ku paki zija. Ulendo wochoka ku kampu unkadya theka la nthawi ya alamu, ndipo yotsalayo ankakhala pa benchi padzuwa, pakati pa mabanja a eni ndi ana awo, osatha ngakhale kugwirana dzanja. Lachisanu lina basi ya mumzinda inachedwa, ndipo anafika alamu atabwerera kale kwa madamu. Anabwera ku kampu nkhope ili gwa, n'kugona chovala nsapato. Anzathu, amene Lachisanu tsopano ankangogona kapena kumenya mpira, anangomuyang'ana. Panalibenso chimene miyendo yathu ikanamuchitira.

Patapita masiku ndinamva kwa wa ku Kasungu uja kuti dalaivala wapita kwa mudiri kukanena kuti sasainanso. Iye mwini sanandiuze.

Nyumba ya ku Najma anaigwetsa ife tili ku kampu. Sindinapite kukaona. Amene anadutsako anati pali mpanda wa malata ndi chidzenje, ndipo sitolo ya Mmwenye wa nsapato nayonso inapita.

Tsiku lonyamuka ndinapempha ofu n'kuwaperekeza ku bwalo la ndege. Mayi a ku Mangochi aja anabweranso. Alamu anali atavala chitenje chatsopano, ndipo kanali koyamba kuwaona akuseka mpaka kuonetsa mano onse. Dalaivala ankakankha ngolo ya katundu, akuwerenga zikwangwani ngati sanaonepo zilembo. Titafika pamene operekeza amalekezera, anaima, n'kundigwira dzanja osandiyang'ana.

"Denga likadontha ndidzakuimbirani, achimwene," anatero. "Mudzabwere ndi beseni."

"Ndidzabwera nalo," ndinayankha, ndipo tonse tinaseka.

Alamu anagwada pang'ono monga amachitira kwathu, anthu a mitundu ina akutiyang'ana. Anathokoza ndi mawu ochepa. Kenako anadzuka, n'kundiyang'ana mwachindunji, zimene sanachitepo chiyambire.

"Nanga inu, alamu, nkhoswe wanu ndani woti akuthamangitseni?"

Mkazi wanga anali ku Dedza ndi ana, ndipo chibwerereni ku Doha ndinali nditapitako kamodzi kokha. Ndinaseka n'kuwauza kuti afulumire ndege ingawasiye. Koma m'basi yobwerera ku kampu, tikudutsa mafakitale ndi mchenga, funsolo silinandiseketsenso. Ndinafika n'kupeza bedi la pansi panga atapatsa kale munthu wina, wa ku Nepal, amene anandilonjera mwaulemu.

Kontrakiti yanga itatha chaka chotsatira, mudiri anandiitana kuti ndisaine ina. Sindinadikire kuti wina achite kundithamangitsa.